Mazira oyera a Dokchil

Pa msika wa ku Sangju palibe amene sawadziwa a Pyo Malsun, mayi wa mazira uja amakhala pakona, moyandikana ndi ogulitsa nsomba zouma. Akhala pamenepo kuyambira ali ndi mwana kumsana mpaka lero tsitsi lachita mbuu. Mawondo anatha, makutu ayamba kuwanyenga, koma pakamwa ndiye ayi, pakadali pa mtsikana. Anzawo amati a Malsun akhoza kukugulitsa dzira la sabata yatha, iwe n'kumapita ukuthokoza kuti nkhuku yangoikira kumene.

Mazira awo onse ndi ofiirira, monga alili a wina aliyense masiku ano. Ana a lero akaona dzira loyera amafunsa ngati ndi la bakha. A Malsun akamva funso limenelo amangowerama n'kuyamba kusanja mathireyi osanjidwa kale.

Kale sizinali choncho. Makolo awo atamwalira, a Malsun ndiwo analera mlongo wawo wamng'ono, Dokchil, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Atakula anamanga makola kuseri kwa phiri n'kuyamba kuweta nkhuku zoyera, za malipombo ofiira. Ndi anthu sankayankhula zambiri, koma ukam'peza m'khola unkamumva akucheza ndi nkhuku ngati ali pamaliro ndi achibale. Tsiku la msika ankabweretsa mazira panjinga, oyera mbee, atawapukuta limodzilimodzi. Achemwali ake ankagulitsa, mabanja awiri n'kumadya.

Ndiye kunabwera wamalonda wina wa galimoto ndi mazira ofiirira. A Malsun anaona kuti amayi akafika pabenchi maso amathamangira ku ofiirirawo, popeza ankawakumbutsa nkhuku zakumudzi kwa makolo awo. Kumakola a wamalondayo a Malsun anali atafikako. Anadzionera okha kuti nkhuku zake n'zotsekeredwa ngati za Dokchil, ndipo zimadya chakudya cha m'matumba omwewo. Kusiyana kunali nthenga basi. Koma malonda ndi malonda, ndipo lilime lawo silinkadziwa kukhala chete pamene pali phindu.

"Tengani ofiirirawa, amayi," anatero tsiku lina kwa mkazi wa mphunzitsi. "Awa ndi a nkhuku zachikuda, zoyenda zokha m'munda, zodya ziwala. Mwana akadya awa, mayeso amangowoloka ngati ngalande."

"Nanga oyerawa?" anafunsa mayiyo.

"Aaa, oyerawo? Taonani kuyezuka kwake! Nkhuku zake n'zachilendo, zodwaladwala, zimakhalira mankhwala. Ine mwana wanga sindingam'patse."

A Malsun atacheuka, Dokchil anali ataima kumbuyo kwawo, mathireyi ali m'manja, thukuta lili kamukamu. Anali atamva zonse. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu, "Achemwali, ndiike pati awa?"

Mkazi wa mphunzitsi anali akuyang'ana. Kubweza mawu pamaso pa wogula, a Malsun anaona ngati kuvula pagulu. "Lero bwerera nawo," anatero.

Dokchil anamanganso mathireyi panjinga, mosamala ngati mmene anawamasulira, n'kuikankha osakwera.

"Iwe Malsun," anatero amake Jinho a nsomba zouma, omwe anaona zonsezo, "pakamwa pakopo pali ngati mpeni wopanda chigwiriro. Udzadzicheka wekha."

"Gulitsa nsomba zakozo, zayamba kununkha," anayankha a Malsun, msika wonse n'kufa ndi phwete. A Malsun okha ndi amene sanaseke.

Mawu aja a nkhuku zodwala anayenda. Mkazi wa mphunzitsi anauza anzake, anzakewo anauza apongozi awo, ndipo posakhalitsa mazira a Dokchil sankagulidwa ngakhale atatsitsa mtengo. Anagulitsa nkhuku zonse kwa ophika msuzi, natseka makola, n'kupita ku Busan kukanyamula katundu padoko. Msana wake unathera kumeneko.

Kunena zoona, si a Malsun okha amene ananena bodza limeneli. Linamveka m'misika yambiri, ndipo mazira oyera anasowa paliponse. Amake Jinho akhala akuwauza zimenezi kwa zaka zambiri: "Kodi umadziona ngati ndiwe wailesi? Dziko lonse linatembenuka, iwe unali ndani?" Koma chikumbumtima sichimva za dziko lonse. Dziko lonse silinalere Dokchil, ndipo silinam'bweze ndi mathireyi panjinga.

Chowawa kwambiri n'chakuti Dokchil sanawasungire mangawa poyera. Pa chikondwerero cha zokolola ankabwera kudzagwada pamanda a makolo, atawatengera achemwali ake nsomba za ku Busan. Ankadya, n'kuthokoza, n'kumapita. Za nkhuku sanazitchulenso. Akanakalipa bwenzi a Malsun atapeza popepesera. Chaka chilichonse ankati, ndim'uza akabweranso. Munthu wotha kuyankhula ndi msika wonse ankasowa mawu pamaso pa munthu mmodzi.

Chaka chatha kunabwera uthenga wakuti Dokchil wayamba kuiwala, ndipo am'goneka kunyumba yosungirako okalamba. A Malsun anachita mantha. Mlandu suola, koma mwini mlandu akaiwala, upepesa kwa yani?

Anafunsa m'misika yonse yapafupi, dzira loyera osalipeza. Pomaliza anakwera basi mpaka ku Daegu, n'kukawapeza m'sitolo yaikulu, ali m'kabokosi kokongola ngati zinthu za mtengo wapatali. Wogulitsa mazira moyo wake wonse anaima pamzere kugula mazira. Kunyumba anawawiritsa, nawakulunga m'kansalu ndi mchere pang'ono, monga ankachitira Dokchil ali mwana popita kusukulu.

Anam'peza atakhala pawindo, ataonda, manja ali pamaondo.

"Dokchil, ndine Malsun."

Anawayang'ana mwaulemu, ngati mmene munthu amayang'anira mlendo wa mnzake. "Takulandirani, amayi. Khalani pansi."

A Malsun anamasula kansalu kaja. Mawu anali atawakonza m'basi monse. "Taona zimene ndakutengera. Oyera, ngati a nkhuku zako zija. Dokchil, tsiku lija ine ndinanama. Mazira ako analibe vuto lililonse. Anali abwino kuposa onse amene ndagulitsapo."

Dokchil anatenga dzira limodzi, nalitembenuza, chala chake chikulipukuta chokha monga kale. Kenaka analibweza pakansalu, n'kukankhira kansaluko kwa iwo pang'onopang'ono kuti asawakhumudwitse.

"Pepani amayi, mwavutika," anatero monong'ona. "Koma oyerawa kwathu sitidya. Ndi a nkhuku zodwala."

"Wakuuza zimenezo ndani?"

"Achemwali anga." Nkhope yake inawala ndi kunyadira. "Amagulitsa mazira ku Sangju, aliyense amawadziwa. Ndi amene anandilera. Iwo aja sanganame."

A Malsun anakhala pomwepo mpaka nthawi yoona odwala itatha. Pobwerera m'basi anasenda mazira aja n'kuwadya okha, limodzi ndi limodzi, opanda mchere, misozi ikugwera pamakoko oyera ali pamiyendo pawo.