Zinki ya pa Boti la Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anayamba kunditenga kumtsinje wa ku Barking, kumene ankamangirira kaboti kawo kakale. Anali atasiya kuyendetsa basi chifukwa cha msana, ndipo nyumba yonse inatsamira pa amayi, amene ankasamalira okalamba m'nyumba ziwiri zosiyana. Botilo amayi ankalitcha mkazi wamng'ono. Ankanena moseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Madzi akaphwa pankatsala matope akuda onunkha mchere ndi dizilo. Loweruka lina lozizira tinakokera boti kumtunda, bambo n'kundigwaditsa kumbuyo kwake, pamene pali mwendo wa injini wonyamula pulopela. Pamwendopo panali kachitsulo kotuwa, kodyekadyeka ngati chimanga chofumbwa. Ndinawauza m'Chingerezi kuti kawonongeka, poti Chichewa ndinkangomva.

"Ayi, mama, kagwira ntchito yake," anatero. "Iyi ndi zinki. Madzi amchere amafuna chodya. Ukawapatsa iyi, mwendo wa injini amausiya."

Pa nkhani imeneyi bambo sankachita masewera. Maginiziyamu ankati ndi ya m'madzi opanda mchere, muno ingasungunuke msanga. Anzawo ena ankamanga aluminiyamu, koma iwo, poti ankapita kukawedza kumene mtsinje wa Thames umathira m'nyanja, anali a zinki basi, ndipo sankasakaniza mitundu pamwendo umodzi. Anandipatsa sipanala ndimasule mabawuti, kenako sandipepa ndipale pamalopo mpaka pawale, kuti zitsulo zigwirane bwino. Penti anandiletsa, akuti zinki yopakidwa penti imangokongola osateteza kanthu. Lamulo lalikulu analibwereza kawiri: "Ikafika theka, chotsa. Ukadikira kuti ithe, madzi amayamba kudya chimene imateteza."

Tikumangitsa yatsopano, amayi anatulukira atavala yunifolomu, kudzatisiyira makiyi a nyumba. Mapazi anali atatupa moti nsapato anachita kuziponda kumbuyo. Anatola zinki yakale ija pamatope n'kuitembenuza m'manja.

"Ndiye ichi mwachipumitsa?"

"Eya, chafika theka," anayankha bambo.

"Chamwayi. Chili ndi wochiyang'ana." Anaiponya m'chidebe n'kupukuta zala. "Ndathamanga, ndili ndi double shift."

Bambo anaseka. Nanenso ndinaseka, poti amayi anali anthabwala.

Nyengo yozizira ija isanathe, amayi anagwa pamalo odikirira basi. Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo magazi anali atakhala akuthamanga kwa nthawi yaitali popanda wolabadira. Anabwerera kunyumba mbali imodzi itafa, lilime lolemera. Bambo anawasamalira ndi manja omwe aja osamala: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwayang'ana khungu tsiku ndi tsiku. Kumtsinje sanapitenso. Ndinakaliona boti patapita zaka, lili chopendekera m'matope, zinki itatheratu, mwendo wa injini uli mabowomabowo. Zinandiwawa kuposa mmene ndinkayembekezera.

Kwa nthawi yaitali ndinkawakwiyira bambo. Ndinkadzifunsa kuti munthu wodziwa theka la kachitsulo analephera bwanji kuona theka la mkazi wake. Lero ndine namwino ku Edmonton, ndipo mkwiyo uja unatha, kunangotsala chisoni. Bambo sanali ouma mtima. Kwathu tinazolowera kuti mayi ndi wopirira, ndipo wopirira timamuyamikira mpaka atha. Boti linali ndi tsiku lolikokera kumtunda kuti lionedwe kunsi. Amayi analibe tsiku loterolo.

Mnzanga wa kuntchito akandiuza kuti ali bwino, ndimayamba ndayang'ana mapazi ake. Ndipo wotopa akanena nthabwala, ndimaimvetsera kaye ndisanaseke, chifukwa amayi ananena zonse poyera tsiku lija, atagwira zinki m'manja, ife n'kuseka.