Kalaliki wa M'foni ya Anesi

Anesi sankalola munthu kunyamuka pabenchi asanamve zimene wamulembera. Akamaliza kulemba pafoni, ankapukuta galasi lake ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerenga zonse mokweza, mosathamanga. Zikakhala za Chingerezi ankazibweza m'Chichewa, nthawi zina m'Chilomwe. Kenako ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Mawu anu ndi amenewa?" Munthu akavomera, m'pamene ankatambasula dzanja. Kaya mvula ikubwera, kaya wakabaza akuimba belu panja, funso limenelo sankalidumpha.

Ndinkaziona chifukwa khonde linali limodzi, la golosale ya a Swaibu pa Khonjeni. Ine mbali ino ndi madengu othyolera tiyi amene ndinkakonza, iye mbali iyo ndi benchi ndi foni.

Ndinamudziwa ali wakhanda. Anabadwira m'nyumba za kampani, pa esiteti ya tiyi imene ine ndinkalondera. Agogo ake anachoka ku Mozambiki wapansi, ndipo munda wawowawo sanaupeze mpaka kumwalira. Anesi sukulu analekezera Fomu 3. Kenako dengu kumsana, ngati mayi ake. Anakwatiwa ndi Raphael wa kufakitale, munthu woseka ndi aliyense, n'kubereka mwana mmodzi wamkazi, Mwai.

Raphael atamwalira ndi chifuwa, nyumba inabwerera kwa eni ake. Nyumba ya kampani imatsata ntchito, ndipo Anesi ankangolembedwa nyengo ya mvula, masamba akachuluka. Anapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Anatuluka ndi mphasa, ziwiya, mwana, ndi foni ya malemu yosweka pakona.

Anali ndi mchimwene wake mmodzi, a Ben, makanika wa ku Bangwe. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a malume salemera pang'ono. A Ben ananena poyera, anthu akumva: "Ndikupatsa mpaka mvula. Zikakukanika, Mwai ndidzamutenga akakhale kwanga." Sanali munthu woipa. Koma tonse tikudziwa zimene mwana wamkazi amakachita kunyumba ya eni m'tauni. Amabereka ana a ena kumsana, sukulu n'kumapita mwa apo ndi apo. Anesi anangogwira Mwai paphewa.

Mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwawo ndiye anamuonetsa kuti m'foni muli chinthu chimene umachilembera ngati munthu, icho n'kukuyankha. Achinyamata amati AI. Ife pakhonde tinangochitcha kalaliki.

Poyamba ankabwera ofuna makalata opempha ntchito. Munthu ankafotokoza zake, Anesi n'kuuza kalaliki, kalaliki n'kukonza Chingerezi, kenako n'kukasindikiza pa shopu ya kutsidya kwa msewu. Pambuyo pake kunabwera amayi ogulitsa mapeyala ndi nanazi, ofuna mawu oitanira malonda pa Watsapu kwa anthu a ku Limbe. Kunabwera a makadi aukwati. Alimi a tiyi a m'midzi ankabwera ndi mapepala a Chingerezi kuti awamasulire. Mayi Sakina, akazi awo a Swaibu, anamupatsa zitenje zawo kuti azizijambula ndi kuzilengeza, malipiro ake n'kukhala kutchaja foni pa sola.

Sizinali zolemeretsa. Tsiku lina ankapeza za ufa ndi za bandulo, tsiku lina za bandulo zokha. Netiweki ikathawa ankakwera pachulu cha kuseri kwa golosale, foni m'mwamba, wofuna kalata akudikira pansi.

Kalalikiyo analinso ndi khalidwe lake. Chichewa chake chinali ngati cha mlendo amene waphunzira m'buku, ndipo ankakonda kuwonjezera zimene sanauzidwe. Tsiku lina Anesi akuwerengera mayi Teleza uthenga wa mapeyala, anafika pakuti, "Timakubweretserani pakhomo ndi galimoto yathu."

"Galimoto yake iti?" anatero mayi Teleza. "Galimoto yanga ndi mutu wangawu!"

"Wanama ndi iyeyu, mayi, si ine."

"Muuze asiye. Akadzaifuna galimotoyo anthu a ku Limbe, adzawanyamula iyeyo?"

Anesi anafufuta, n'kuwerenganso kuyambira poyamba.

A Swaibu ankamudandaulira. "Mwana wanga, ukuchedwa nazo. Munthu mmodzi mpaka dzuwa kupendeka? Anzako ku Boma amangodina, n'kupereka."

"Akakapereka pepala limene sakulidziwa, akakafunsidwa ayankha chiyani?" ankatero Anesi.

Masana Mwai ankafika kuchokera kusukulu, n'kukhala pansi atatsamira miyendo ya mayi ake. Anesi ankalemba ndi dzanja limodzi, linalo lili pamutu pa mwana. Mitambo itayamba kusonkhana cha ku Mulanje, ndinkamuona akuiyang'ana kawirikawiri. 

A Ben anabwera mvula itagwa kale, minda ya tiyi itabiriwira mpaka kumapiri. Linali tsiku langa lomaliza kuona Anesi pa ntchito yake, chifukwa sabata yotsatira ana anga anandisamutsira ku Bvumbwe, miyendo itayamba kukana. A Benwo anabwera ndi nkhani ziwiri: chiliza cha mayi awo, amene anamwalira chaka chapitacho, ndi Mwai. Anati aone kaye ndi maso awo ntchito imene mlongo wawo amaitama. Anakhala pa kreti ya zakumwa, manja pachifuwa.

Tsikulo anthu sanabwere. Mvula ikagwa aliyense amakhala kumunda. Dzuwa litakwera kunafika Hopeson, mnyamata wodziwika pamsika, atavala jekete. Ankafuna kalata yopempha ukapitawo pa esiteti ina, ndipo anali wokonzeka kulipira bwino. Ananong'oneza Anesi zoti alembe. Anesi analemba, n'kupukuta galasi.

"Alamu, osawerenga mokweza," anatero Hopeson. "Ndamva kale."

Anesi anawerenga. "Ndakhala ndikuyang'anira anthu othyola tiyi kwa zaka zambiri."

A Swaibu anatulutsa mutu pawindo. "Ndani? Hopeson? Amayang'anira bawo pansi pa mtengo uyu!"

"Ndine munthu wodzuka m'mamawa," anapitiriza Anesi.

Amakabaza amene anabisala mvula pakhonde anagwa nacho chiseko. Wina anati, "Tambala wa kwawo anatopa naye, anasamuka."

"Mawu anu ndi amenewa?" anafunsa Anesi, nkhope ili phee.

"Mwandiyalutsa, alamu."

"Khalani pansi tilembe zoona. Munathyolapo nyengo ziwiri, ndipo kuwerengera mumatha. Zimenezo n'zokwanira kupempha nazo."

Koma Hopeson anakoka jekete lake n'kumapita, osasiya kanthu.

A Ben anapukusa mutu. "Ndiye ntchito yake imeneyi? Munthu wabwera ndi ndalama m'manja, iwe n'kumuthamangitsa? Mwana adya chilungamo?"

Anesi anayang'ana pansi.

"Ukamulongedzere Mwai zovala. Tinyamuka madzulo ano."

Mwai anali atafika. Anaima pa mzati wa khonde, chala m'kamwa, ngakhale anali wamkulu kale pa zimenezo.

"Ndamva, achimwene," anatero Anesi. Mawu ake anali ochepa mphamvu. "Nanga mbiri ya amayi? Paja mudzawerenga ndinu pachiliza."

A Ben anakanda kumutu. Kuyankhula pagulu sikunali kwawo. "Chabwino. Muuze kalaliki wakoyo alembe. Tione nzeru zake."

Anasamukira pabenchi. Anatchula dzina la mayi awo, kumene anabadwira, mpingo wawo, ndi kuti anagwira ntchito yothyola tiyi moyo wawo wonse. Anathera pomwepo. Anesi analemba, n'kudikira, n'kupukuta galasi.

"Mayi athu anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Ankakonda kuimba nyimbo zotamanda Mulungu, ndipo sankakwiyira munthu."

A Ben anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi? Ofatsa? Amene anathamangitsa kalaliki wa sikelo ndi nkhuni atawadula makilo?"

"Kuimba nanga?" Anesi naye anali akumwetulira.

"Akayamba nyimbo m'tchalitchi, abusa ankatseka maso ngati akupemphera. Fufuta zimenezo. Akamva kumandako adzuka."

"Ndiye nenani zanu, achimwene. Iyeyu sanawaonepo."

A Ben anayamba. Ananena za manja a mayi awo, akuda ndi utomoni wa masamba, osayera ngakhale ndi sopo. Ananena za chigumu chimene ankabisa m'chitenje kuti ana adye pobwera kusukulu. Anesi ankalemba. Amakabaza anasiya phokoso.

"Iwe sungakumbuke, unali kumsana," anatero a Ben. "Abambo atamwalira, amalume a ku Luchenza anabwera kudzanditenga. Anati amayi sangathe ana awiri. Amayi anandidzutsa kusanache n'kupita nane kumunda. Anandigoneka pansi pa tiyi, pakati pa mizere, n'kundifunditsa thumba la feteleza. Mvula tsiku lonse. Iwo akuthyola chapafupi, n'kumandiponyera mbatata. Kapitawo anandiona, koma anayang'ana kumbali."

"Amalume aja?" anafunsa Anesi.

"Anadikira mpaka anatopa. Atabweranso, amayi anakhala pakhomo, miyendo atatambasula, n'kunena kuti, 'Achimwene, njala tigona nayo, koma tigona nayo pamodzi. Mukafuna mwanayu mudutse pa ine.'"

Atanena zimenezo a Ben anayang'ana kumsewu, kumene madzi ofiira ankatsetsereka m'ngalande.

Anesi sanadzutse mutu. Chala chake chinaima pamwamba pa galasi. 

"Ndilembe zimenezi?" anafunsa motsitsa. "Kapena tizisiye?"

"Lemba," anatero a Ben.

Analemba. Anauza kalaliki kuti asanje bwino koma asawonjezere kanthu, ndipo pamene Chichewa chinapotoka anakonza yekha. Kenako anapukuta galasi ndi chitenje, n'kuwerenga kuyambira pa dzina. Sanathamange, sanakweze mawu kuposa masiku onse. Anawerenga za sikelo, za manja, za chigumu. Anafika pa thumba la feteleza, n'kupitiriza mpaka pa mayi atakhala pakhomo. Mayi Sakina anali ataima pachitseko cha golosale, sopo wa kasitomala ali m'manja.

Anesi anadzutsa mutu.

"Mawu anu ndi amenewa, achimwene?"

A Ben anapukuta nkhope ndi chipewa. Anayang'ana Mwai pa mzati paja, nthawi yaitali.

"Ndi amenewo," anatero.

Anaimirira, n'kukonza malaya. "Ukasindikize mapepala awiri. Lina likhale kwa iwe." Kenako anatembenukira kwa mwana. "Iwe, chotsa chala m'kamwa. Mayeso akubwerawa ndimve kuti wakhoza, wamva? Ndidzafunsa."

"Ndamva, amalume."

Mvula inali itakata, ndipo anakweza dzanja kuitana kabaza. Mnyamata anabweretsa njinga, n'kupukuta mpando ndi mkono.

"Tikutenga ndi mwanayu, bwana? Ndiitane mnzanga?"

"Ndili ndekha," anatero a Ben. "Palasa, mvula isatipeze."