Wogonja Ndiye Amasesa

Mng'ono wanga anadwala sitiroko ali pa ntchito, ku fakitale ya zitsulo. Anatuluka m'chipatala mkono wa kumanzere utafa, mwendo akuchita kuukoka. Mkazi wake anali atapita kale kutsidya kwa Limpopo ndi ana, ndipo sanabwere. Ndinamutenga kuti tizikhala limodzi ku Mzilikazi, kuno ku Bulawayo, m'nyumba ya khonsolo imene bambo athu anatisiyira.

Chaka choyamba sankatuluka. Ine ndimasoka mipando ya makombi, maminibasi a kuno, ndipo ndikabwera ku ntchito ndinkamupeza pomwe ndinamusiya m'mawa. Sitinkalankhula zambiri. Kwathu sitinaleredwe choncho.

Chimene chinamutulutsa ndi kamakina ka m'manja kamene mwana wake anasiya m'bokosi la nsapato. Munali gemu yosaka zilombo. Munthu umayenda m'tchire la pa galasi, kugwira zilombo za mitundumitundu, kuzilera, kenako n'kuzimenyanitsa ndi za anzako. Ine sindinaikondepo. Koma chimene chinamukopa ndinachiona. Gemuyo inkadikira. Iwe umasankha chochita, mnzako n'kusankha chake, ngati pa bawo. Ukhoza kuganiza mpaka tiyi kuzizira, palibe chokuthamangitsa. Iye ankakhazika kamakinako pa ntchafu n'kumadina ndi chala chimodzi.

Kenako anamva kuti ku Barbourfields kuli shopu yometera kumene okonda gemuyi amakumana Loweruka masana. Shopuyo ili ndi sola, ndiye magetsi akazima anthu amatchajirako. Anandipempha kuti ndimuperekeze. Kukwera kombi kunkamuvuta, choncho tinkayenda pansi, iye atagwira mkono wanga, kupumira panjira.

Mwini shopuyo, yemwenso ndiye wometa, ndi mdzukulu wa Myao wina wochokera ku Mangochi. Chichewa amamva koma amayankha m'Chindebele, ngati ana ambiri a kuno, ndipo zokamba za m'shopumo ndangozilemba m'chinenero chathu. Panalinso kondakitala wa kombi ya ku Cowdray Park, mnyamata wapakamwa, ndi mtsikana wina wophunzira za makompyuta ku koleji. Ena ankabwera n'kumapita.

Wometayo ndi Msilamu ndipo juga m'shopu mwake sankalola. M'malo mwake anaika lamulo: amene wathera pansi pa onse tsiku limenelo azisesa tsitsi lonse, anzake akuonerera. Amene wapambana ndiye aziyamba sabata yotsatira.

Loweruka loyamba mng'ono wanga anathera pansi. Anamupatsa tsache. Analipanikiza kukhwapa n'kuyamba kukoka tsitsi pang'onopang'ono.

"Malume, pakona apo mwasiya," anatero kondakitala uja. "Kapena diso nalo linafa?"

Ndinadzuka pa benchi kuti ndimuphunzitse mwambo mwanayo. Ndisanafike ndinamva mng'ono wanga akuyankha.

"Limenelo ndi tsitsi lako. Lili ndi nsabwe, likuthawa lokha."

Anthu anaseka, iyenso anaseka, pakamwa patapotoka. Chituluke m'chipatala ndinali ndisanamumve akuseka. Ndinabwerera pa benchi.

Sanasese nthawi yaitali. Anali ndi nthawi yoganiza kuposa onse, ndipo posachedwa anayamba kuwagonjetsa mmodzimmodzi. Kondakitala ndiye anakhala mwini tsache. Ankasesa akunena kuti kugonjetsedwa ndi munthu wa dzanja limodzi n'kugonja theka, mng'ono wanga n'kumuuza kuti asesenso pansi pa mpando. Lachisanu ankandikumbutsa kuti ndimusitire malaya. Anayambanso kumeta ndevu.

Dandaulo lake linali limodzi: gemuyo inafewa. Ankati opanga anaipangira ana, kuti ngakhale wogona akhoza kumaliza. Sanali yekha. Mtsikana uja ankatiwerengera pa foni zimene anthu a m'mayiko ena ankalemba, ndipo ambiri ankalira chimodzimodzi. Mng'ono wanga ankamuuza kuti alembenso mawu ake kumeneko, kuti opangawo amve kuti ku Bulawayo nako anthu atopa ndi phala.

Tsiku lina mtsikanayo anabwera ndi kanema wamfupi wolengeza gemu yatsopano. Anaimika foni pa galasi lometera, tonse n'kuunjikana. Ine ndinaima kumbuyo.

Zonse zinali zitasintha. Zilombo sizinkadikiranso. Zinkathamangitsa munthu weniweniyo, osati chilombo chake chokha. Umayenera kuthawa, kuzinda, kulozetsa ndi kuponya msampha, zonsezo nthawi imodzi. Ukachedwa chimakugwetsa, ndipo zimene watola umazitaya. Kumapeto anasonyeza zala za munthu zikuvina pa rimoti, manja onse awiri.

Kondakitala analumpha mpaka anagunda mutu ku babu.

"Iyi ndiye gemu! Zija zinali za agogo!"

Wometa sanakondwe. Iye chimene chinkamupweteka n'chakuti zilombo zakale zambiri sizidzaloledwa kulowa mu gemu yatsopanoyo. Anali ndi china chonga kamba chimene anachilera kuyambira ali mnyamata.

"Ndichisiye kuti? Ndichiphe ndidye?"

"Chikwatire," anatero kondakitala.

Mtsikana anayamba kuwerenga za pa intaneti. Kumenekonso kunali nkhondo. Ena ankathokoza kuti opanga amva kulira kwawo. Ena ankati iyi si gemu yawo ija, angoitenga dzina. Panalinso ochepa opempha kuti pakhale njira yofewetsera, ya anthu amene zala zawo sizithamanga. Amenewa ankatukwanidwa kwambiri. Ankauzidwa kuti aphunzire kusewera, apo ayi akagule zidole.

"Malume, inu mukuti bwanji?" anafunsa kondakitala. "Si inu munkafuna yovuta?"

Mng'ono wanga anayang'ana foniyo kanthawi.

"Asafewetse," anatero. "Amene sangathe asiye."

Anamuombera m'manja. Ine ndinayang'ana mkono wake uja, umene unali pa ntchafu pomwe anauika titafika. Pobwerera sanainene nkhaniyo. Titayandikira kunyumba anangoti mu kanema amakonda kukokomeza, mwina zenizeni zidzakhala ndi podikira.

Patapita milungu, opanga anatulutsa kagawo koyesera. Pa gulu lonse, makina atsopano anali nawo ndi mtsikana yekha, otumiziridwa ndi mlongo wake wa kunja. Anabwera nawo atawakulunga m'thaulo n'kuwalumikiza ku tivi ya m'shopu. Kunadzaza mpaka pakhomo. Ena anali oti sindinawaonepo.

Sabata yapitayo anapambana ndi mng'ono wanga. Palibe amene anaganiza kawiri. Wometa anatenga rimoti n'kumuikira pa ntchafu.

"Mfumu iyambe."

Rimotiyo ili ndi timitengo tiwiri. Kakumanzere n'koyendetsera munthu, kakumanja n'kotembenuzira maso, ndipo mabatani oponyera ali kunsi, kwa zala zolozera. Mng'ono wanga anatambasula dzanja lake pamwamba pake, chala chachikulu uku, chaching'ono uko. Munthu wa pa tivi anayenda pang'ono, akuyang'ana kumwamba. Mu udzu munatuluka chilombo chonga njati, cha moto m'mphuno. Chinamugwetsa asanatembenuke.

"Mmodzi!" wina anafuula pakhomo, anthu n'kuseka.

Anayambanso. Ulendo uno anatha kuthawa, koma posiya kamtengo kuti afike pa batani loponyera, munthuyo anaima chilili. Anagwetsedwanso. Anayesa kupanikiza rimoti ndi mimba. Anayesa kunyamula mkono wakufawo ndi dzanja labwino n'kuugoneka pa kamtengo kuti ulemerepo. Unatsetsereka. Rimoti inagwa pansi, mtsikana n'kuitola msanga n'kuipukuta ndi malaya.

Apa kuseka kunali kutatha. Wometa anazimitsa makina ake ometera, munthu amene ankamumeta n'kukhala ndi mutu wometedwa mbali imodzi, osadandaula. Mtsikana anafufuza ngati panali posinthira mabatani kuti onse abwere kumanja. Panalibe.

Mng'ono wanga anatembenukira kwa kondakitala.

"Iwe, pakamwa pako patsekedwa ndi chiyani lero?"

"Palibe, malume. Rimoti imeneyi ndi yovuta kwa aliyense."

"Kwa aliyense."

"Eya, malume."

Rimoti inazungulira. Ena anachigwira chilombocho koyamba, ena kachitatu. Wometa anavutika nacho, ndipo anamunena kuti azingogwira lumo basi. Phokoso linabwerera, koma linkamulambalala mng'ono wanga. Pomaliza, amene sanagwire kanthu anali iye yekha.

Anadzuka. Kudzuka kwake kumatenga nthawi, ndipo ndinaphunzira kale kusamugwira pokhapokha atapempha. Anakoka mwendo kulunjika kuseri kwa chitseko kumene tsache limakhala. Kondakitala anamupitirira n'kulitenga.

"Ayi, malume, lero ndisesa ine."

"Wagonja ndani?"

"Palibe wagonja. Timangoyesa."

"Ndipatse tsache."

"Mdala," anatero wometa, "mwana akukupatsani ulemu. Pumulani."

Mng'ono wanga anaima pakati pa shopu atatambasula dzanja. Mnyamatayo anayamba kusesa atawerama, osayang'ana munthu. Anasesa bwino kuposa masiku onse, mpaka m'makona. Atafika pamene mng'ono wanga anaima anazungulira mapazi ake mosamala, ndipo tsache litakhudza nsapato anati pepani.

Sindikukhulupirira kuti panali woipa mtima m'shopumo. Ana amenewa analeredwa kuti wamkulu wodwala samugwiritsa ntchito pagulu, ndipo tsiku limenelo anakumbukira.

Panjira, pamalo pamene tinkapumira, anatsamira mpanda wa sukulu. Ku bwalo la mpira kunali chiphokoso, wina atagoletsa.

"Achimwene, munaona?"

"Ndinaona."



Lachisanu lotsatira sananene za malaya. Ndinawasita ndekha n'kuwapachika pa chitseko. Loweruka anati mwendo ukupweteka. Linzake anati kukutentha.

Lamulungu lina masana anabwera atatu aja: wometa, kondakitala ndi mtsikana. Anatenga malalanje ndi botolo la mahewu. Kondakitala anavula kapusi pakhomo. Anakhala mondondozana pa sofa, manja pa mawondo, mmene anthu amakhalira akabwera kudzazonda matenda. Anamufunsa za mwendo, za mankhwala, za tulo.

Mtsikana anafotokoza kuti pa intaneti anthu ayamba kusonkhanitsa mayina, kupempha opanga kuti aikemo njira yosewerera ndi dzanja limodzi. Anati iye analembetsa kale, ndipo akhoza kulembetsanso dzina la malume. Anawonjeza kuti otsutsa ndi ambiri, akuti zimenezo zidzaononga gemu, ndipo opangawo sanayankhe.

"Langa usalembe," anatero mng'ono wanga.

Wometa anakonza pakhosi. Anati agwirizana kuti yatsopano ikadzatuluka, yakale sadzaitaya. Loweruka lililonse azidzayamba ndi yakaleyo kaye.

"Chifukwa cha inu, mdala."

"Chifukwa cha ine. Nanga inuyo mukuifuna?"

Kondakitala ankazunguza kapusi m'manja.

"Ndiponso zosesa zija tinasiya," anatero wometa. "Zinali zachibwana. Ndimasesa ndekha potseka."

Mng'ono wanga anagwedeza mutu. Kenako anawathokoza mmodzimmodzi chifukwa chobwera kudzamuona, nati Mulungu awadalitse, ayende bwino. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndi amene ankauza anthu a ku tchalitchi ali gone m'chipatala. Ndinawaperekeza mpaka pa geti. Kondakitala anandifunsa monong'ona ngati analakwa penapake. Ndinasowa chomuuza, chifukwa chimene akanachita n'kumutukwana, ndipo zimenezo sungamupemphe munthu.

Gemu yatsopanoyo sinatulukebe. Tsiku lake analisuntha, ndipo ndikumva kuti mkangano wakula. Mng'ono wanga amaseweretsabe kamakina kake, kulimbana ndi makinawo, amene iye amawagonjetsa nthawi zonse. Kunja kwa geti amatuluka pa tsiku la ku chipatala lokha.

Loweruka lapitali ndinapita kukapereka mpando kwa mwini kombi wina ku Barbourfields. Njira yake imadutsa pa shopu ija. Munali phokoso, ndipo mawu a kondakitala ankamveka mpaka pamsewu, akuuza wina kuti amasewera ngati nkhuku yonyowa. Sindinalowe.

Nditafika kunyumba ndinamupeza pa sofa. Anadziwa kumene ndachokera.

"Akukangana za chiyani lero?"

"Zomwe zija. Ndinangodutsa."

"Simunamve kalikonse?"

Ndinamuuza za nkhuku yonyowa. Pakamwa pake panasuntha pang'ono.

"Amanena ndani?"

"Sindinaone."

"Ine ananditchula?"

"Ayi."

"Ngakhale kunditukwana?"

"Ayi."

Kenako anandipempha kuti ndimuthandize kumasula zingwe. Nditagwada m'pamene ndinaona kuti anali atavala nsapato zake zotulukira, ndipo zingwezo anali atamanga yekha, ndi dzanja limodzi ndi mano.