Galimoto imene anagawana pamaliro

Ntchito ya umakaniko ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinali woitanira anthu pa makombi, maminibasi a mumsewu wa Seke kufupi ndi Harare, ndipo tsiku lina kombi yathu itafera pa Unit G ndinayamba kunyoza makaniko amene anadzaiona kuti akuchedwa. Mkuluyo, a Mbewe, atandimva ndikung'ung'udza m'Chichewa anandiponyera sipanala. "Ngati manja ako ali ndi changu ngati lilime lakolo, masula batire iyo." Ndinamasula. M'mawa mwake ndinali pagalaja yawo, yomwe inali bwalo chabe kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala.

Miyezi yoyambirira ndinkatsuka mabawuti m'palafini, kupala dzimbiri ndi bulashi yawaya komanso kuphunzira kuti munthu sulowa pansi pa galimoto yongokhala pa jeke popanda zochirikiza. Kenako kunabwera chigoba cha pikapu yakalekale chochita kukokedwa ndi chingwe. Chinalibe chiwongolero, mpando, rediyeta, nyali ngakhale kabuleta. Ndi chizindikiro chomwe chapamphuno chosonyeza mtundu wake chinali chitazulidwa. Pambuyo pake pankabwera mayi wachikulire wa kutchalitchi kwathu, Anabanda.

Galimotoyo inali ya malemu amuna awo, a Mwale, ndipo sanaivule ndi akuba ayi. Kuno tinatengera mwambo wa eni dziko wogawana katundu wa malemu, umene amati kugova nhumbi. Malaya ndi zipewa zinagawika bwino. Pa galimoto abale anakanganapo mpaka wina wanzeru zoperewera anati aliyense azulepo chake akasunge chikumbutso. Mmene ndinamva zimenezi ndinapsa mtima ngati galimotoyo inali ya bambo anga. Mkazi wamasiye ali m'nyumba akulira, amuna athunthu ali panja ndi masipanala!

"Bambo Mbewe, sindikufuna kuti iwale," anatero Anabanda. "Ndikufuna ilire. Akamakhota pakona paja ndinkadziwira injini kuti afika. Tsiku lovundukula mwala wapamanda indinyamule mpaka kumanda ku Unit L, ndiimvenso."

Tinayamba ndi kuizindikira, poti mapepala ake anali atasowa pamaliro pomwepo. A Mbewe anandionetsa injini yogona chopendeka ndi ndodo ya magiya imene imatuluka pakhosi pa chiwongolero, nati ndi yachifalansa, ya zaka zija makolo athu ankabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi, minda ikuluikulu ya azungu. Koma mtunduwo unatuluka pawiri, woyamba ndi wotsatira, ndipo zina sizilowana. Ndinapala khoma la kuseri kwa injini ndi palafini ndi sandipepa mpaka nambala ya chesisi inaoneka. Inali ya mtundu woyamba, womwe kabuleta yake sipezeka m'sitolo iliyonse.

Ntchito yolondola ziwalo inagwera ine. Chiwongolero ndinakachipeza chitakolekedwa pakhoma pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Mpando unali pakhonde pa msuweni wina, agalu akugonapo. Rediyeta inali m'khola la nkhuku. Ambiri ankabweza mwamanyazi, maso ali pansi. Amene anandithetsa nzeru ndi a Chikuse, mng'ono wawo wa malemu, amene anatenga kabuleta. Ndikapita, mawa. Ndikabwereranso, kiyi wa kachipinda wapita ndi mwana. Ife tinali titatsuka thanki, kusintha mapulagi, kudula magasiketi atsopano, kuthira oyilo ndi kukonza mabuleki. Injini inkazungulira bwinobwino, kungodikira chinthu chimodzicho.

Kabuletayo a Chikuse anaitumiza Lachisanu, mwala ukuvundukulidwa Loweruka, itakulungidwa m'thumba la feteleza. Nditangoikhazika pamalo pake ndinaona kuti mabowo a mabawuti sakuyang'anizana, ndipo khosi lake ndi laling'ono. Inali ya kagalimoto kena kachijapani. A Mbewe anaitembenuza kamodzi n'kuiika pansi. Ine sindinapirire. Ndinainyamula n'kuthamangira kwa a Chikuse ndi ovolosi yanga yamafuta.

Ndinawapeza akupolisha nsapato za mawa.

"Sekuru, iyi si imene munazula," ndinatero, kuwatchula monga timatchulira akuluakulu kuno.

"Aiwa, mukomana, hazvina basa," anayankha m'chinenero cha eni dziko, kutanthauza kuti ayi mnyamata, zilibe kanthu. "Kabuleta ndi kabuleta."

"Yeniyeniyo ili kuti?"

Anapitiriza kupolisha. Kenako anati inali gawo lawo, ndipo gawo lawo akhoza kuchita nalo zimene afuna. Anaipereka kalekale kwa aja oyenda ndi ngolo ogula zitsulo zakutha. Masabata onse aja ankadziwa. Akananena poyamba tikanasakasaka m'magalaja akale a ku Harare, mwina tikanaipeza. Anasankha kubisa manyazi awo n'kutidyera nthawi. Sipanala inali m'thumba mwanga, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti inakhala momwemo. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma tsiku limenelo sindinafune kumva mwambi umenewo.

Masana onse tinalimbana nayo kabuleta yolakwikayo. A Mbewe anadula kachitsulo kophwatalala kolumikizira, ine ndikuboola ndi dirilo ndi kusalaza ndi tupa. Titamanga n'kutembenuza kiyi, injini inatsokomola, n'kulavula moto, n'kuzima. Tinayesa kutsegula sikulu ya petulo, kutseka mpweya ndi chikhatho, kusuntha disitiributa. Inkangotsamwa. Dzuwa likupendeka a Mbewe anapukuta manja nati, "Tisaphe injini ya munthu chifukwa cha liuma. Tiye tikawauze."

Anabanda anamvetsera mpaka tinamaliza. Sanalire. Anangofunsa ngati matayala akuzungulira komanso ngati mpando wabwerera pamalo pake.

Loweruka m'mawa galimotoyo tinaimanga chingwe kumbuyo kwa kalole ka a Mbewe. Ine ndinagwira chiwongolero, Anabanda anakhala kumanzere kwanga pomwe ankakhala moyo wawo wonse, atavala yunifolomu ya chigwirizano. Tinayenda ulendo wonsewo mwa zii, kumangomveka matayala ndi chingwe. Chifukwa cha mkwiyo sindinathe kuwayang'ana.

Pachipata cha manda kanjira ndi kopapatiza ndi kamchenga, kalole sikakanalowa. Tikumasula chingwe, anatulukira a Chikuse ali mu suti, nsapato zili waliwali. Anatsegula chitseko changa n'kunena mokweza kuti anthu amve, kuti galimoto ya mkulu wawo woyenera kuilowetsa ndi iwo.

Anabanda sanakweze mawu. "Alamu, galimotoyi ilibe kabuleta. Malo anu ali kumbuyo uko. Kakankheni."

A Chikuse anakankha, mchenga ukulowa m'nsapato zija, mpaka pamutu pa manda a mkulu wawo.

Kuchokera pamenepo, galimoto yakale ikabwera yoperewera ziwalo sindiyamba ndi sipanala. Ndimayamba ndafunsa amene anazula chiyani, ndipo chilichonse ndimafuna kuchigwira ndi dzanja langa n'kuchiyesa pamalo pake ndisanalonjeze tsiku. Munthu akanena kuti mawa kawiri, ndimadziwa kuti chinthucho kulibe, ndimayamba kusaka kwina.

Kabuleta yoyenera tinadzaipeza chaka chotsatira kwa mkulu wina wophwasula magalimoto akale. Injini inalira kungokhudza kiyi, bwino lomwe, mpaka ana a mumsewu anathamangira kudzaona. A Chikuse amaimva ikamadutsa. Anabanda anali atagona kale pambali pa amuna awo.