Mabelo a aNagama abwerera

Lachiwiri lapitali lole inalowa m'mudzi mwathu kuno ku Simlemba itasenza fodya. Mwamva bwino, inalowa. Kodi fodya amabwerera kumudzi?

Mabelowo ndi a mlamu wanga aNagama, mayi wamasiye amene amalima yekha. Ogula atapima fodyayo anapeza kuti anapoperedwa mankhwala amene maiko akunja analetsa kale. Akuti kumeneko boma sililola tsamba lotere kutsika m'sitima. Kampani yogula fodyayo yawafufutanso pa kontirakiti.

Anawauza mankhwalawo ndani? Foni.

Amene anaiphunzitsa foniyo kulankhula ndiye mdzukulu wanga Yamikani, amene amapanga mapulogalamu a pafoni ku Lilongwe. Umajambula tsamba lodwala, iyo n'kukutchulira mankhwala. Nsabwe za m'fodya wa aNagama zinafadi, zonse psiti! Tinaombera m'manja, ine patsogolo.

Madzulo a Lachiwirilo ndinamuimbira Yamikani.

"Iwe Yami, fodya wa agogo ako aNagama wabwezedwa."

"Koma agogo, pulogalamu sinalakwe. Nsabwe sizinafe kodi?"

"Zinafa, mwanawe. Nanga aNagama amalimira kupha nsabwe?"

Yamikani pansipansi anati, "Za malamulo ine sindinaphunzire. Ndimayesa zimenezo n'za maloya ndi andale."

Apa mtima unandiwawa. Mwanayu si woipa, ndipo mutu uli nawo. Koma pa zaka zonse za sukulu, palibe anamuuza kuti tsamba la m'chigafa mwathu lili ndi eni ake ena kutsidya kwa nyanja, amene amakhala pamsonkhano n'kugamula choti tipopere, mitengo yoti tisadule, ndi msinkhu wa mwana wololedwa kusoka fodya. Ife osapita m'kalasife timazidziwa, chifukwa zimatipeza pakhomo. Alangizi amabwera pa njinga yamoto, tikatsutsana nawo pansi pa mtengo, mawa abweranso ndi zina zatsopano. Foni ilibe wotsutsana naye. Chimene anaikamo mwini wake imangobwereza, lamulo lisinthe lisasinthe, kuno mpaka ku Nkhamenya.

Inu ana opanga zinthuzi, ndimvereni. Mmisiri womanga chigafa amayamba waona kochokera mphepo. Mphepo yanu ndi malamulo a boma ndi a maiko ogula. Safunsa anadya phula, koma ulendo uno phulalo wadya ndi wina.

Lachinayi ku mvano aNagama anakhala benchi imodzi ndi ine. Sananene choipa. Potuluka anangondigwira mkono n'kuti, "Mlamu, mumuuze mwanayo asataye mtima. Koma afulumire, anthu akukonza kale za nazale."

Akadandilalatira, bwenzi nditapepukidwa.

Yamikani akuti tsopano akufunafuna malamulowo kuti akonze pulogalamuyo. Chabwino. Koma aNagama chaka chino alowa dzinja opanda feteleza, opanda kampani. Nanga inu anzake a Yamikani, amene mukupanga zoti ife tiziyendera pa mbewu, pa ngongole ndi pa chipatala, mukudikira kuti abwezedwe ndani kuti mukafunse?