Lole Yoyamwa Miyala

Kwathu ku Chitipa kulibe njanji. Anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi mtsinje wa Lufita, amene anaonapo sitima anaionera ku Tunduma kapena ku Nakonde atapita kukapikula zitenje. Komabe m'nyumba mwathu munatuluka anthu awiri amene tinakalambira pa njanji, achimwene anga aakulu ndi ine.

Anayamba ndi iwo. Anapita kumwera ine ndili ku pulayimale, ndipo ankabwera kamodzi pa chaka, manja ali gwa ngati chikumba. Chaka chimene dziko linkakangana za zipani zambiri, sukulu itandikanika, anandipeza ndikupalira mawere nandiuza kuti ndimange katundu. Anasiya akazi awo ndi ana pamudzi monga mwa masiku onse, ine n'kuwatsatira.

Ntchito yathu inali ya miyala. Njanji imagona pa miyala yophwanya, ndipo miyalayo ikadzaza matope madzi sadutsa, masilipa, mitanda yonyamula njanji ija, amayamba kutitimira. Tinkaikumba ndi mafoloko, kuisefa, kuibwezera, kuigogomeza. Mvula ikagwa tinkalowa m'makalavati, mipita ya madzi ya pansi pa njanji, chokwawa kukatulutsa mchenga. Anzathu ankaseka Chichewa changa, amati ndimayankhula ngati ndikuwerenga buku la Sitandade 3. Achimwene ankangoti, "Asiye, fosholo siimva chilankhulo."

Njanji itaperekedwa m'manja mwa makampani, ambiri analandira makalata owachotsa ntchito. Ifenso tinalandira, koma patapita miyezi tinalembedwa ndi kontirakitala wina amene ankapatsidwa zigawo za njanji kuti azikonza. Poti ndinkatha kulemba lipoti ndi kuyankha Chizungu, anandiika ukapitawo. Ndinachita manyazi kuuza achimwene. Iwo atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti kuyambira mawa ndizikupatsa moni ndi manja awiri?"

Tinagwira choncho zaka zambiri, imvi n'kuyamba kuwatuluka.

Chaka china mvula inagwa yoopsa. Pamalo pena, pamene njanji imadutsa pakati pa zitunda ziwiri, dothi linatsetsereka n'kukwirira miyala yonse ndi ngalande zomwe. Sitima zinkadutsapo ngati zikuyenda pa maliro. Tinalimbana napo milungu iwiri ndi mafosholo, koma tikachotsa lero, mawa tinkapeza pabwerera. Abwana athu anatopa nazo. Tsiku lina anabwera n'kunena kuti achita hayala galimoto yochokera kunja.

Inafika Lolemba m'mawa. Inali lole yaikulu yachikasu, yonyamula thanki kumbuyo, ndipo pamwamba pake panali payipi yakuda yonenepa ngati ntchafu ya munthu. Inabwera pa msewu ngati lole ina iliyonse. Itafika pamene msewu umadutsana ndi njanji, dalaivala anaikhotetsa n'kuiyang'anitsa kumene njanji ikupita, kenaka anatsitsa timawilo tachitsulo kutsogolo ndi kumbuyo. Tinangoona lole ija yakwera njanji, ikuyenda ngati sitima. Ena anaomba m'manja. Dalaivala atailiza injini yoyamwa, payipi ija inayamba kumeza matope, miyala, madzi, zonse pamodzi. Ntchito ya anthu khumi ya tsiku lathunthu inatha tisanamwe tiyi. Palibe anaombanso m'manja.

Abwana anandiitanira pambali.

"Galimoto iyi si yathu. Ikagwira ntchito ikudya, ikaima ikudyabe. Sindifuna kuimva itazima dzuwa lili kunja. Undipatse anthu anayi. Enawo akadikire kunyumba."

"Akadikire mpaka liti, bwana?"

"Tidzawaitana."

Ndinadziwa kuti sadzawaitana. Ndinaima kutsogolo kwa anthu amene ndinadya nawo m'mbale imodzi zaka zonsezo n'kutchula maina anayi. Loyamba linali la achimwene. Bambo wina wa ku Balaka, amene anali ndi ana asanu ndi awiri, anatola chikwama chake nati, "Mwasankha wanu, akapitawo. Sitikudabwa." Mumtima ndinkati ndachita bwino, ndapulumutsa mbale wanga.

Achimwene ndinawapatsa ntchito yogwira kukamwa kwa payipi, poti inkafuna munthu wodziwa pamene pali tinthambo ndi mabawuti. Dalaivala, amene anabwera ndi loleyo kuchokera kwa eni ake, sankamva Chichewa. Anatisonyeza ndi manja kachingwe kofiira kamene wogwira payipi amayenera kukamanga m'chiuno. Ukakakoka, chitseko china chimatseguka pa payipi ndipo mphepo yoyamwa imatha nthawi yomweyo.

Vuto linali lakuti kachingweko kankakola paliponse. Kakakola pa bawuti, mphepo yatha. Achimwene akatembenuka mofulumira, mphepo yatha. Tsiku lachitatu abwana anaima pachitunda akuyang'ana wotchi, kenaka anatsika.

"Chingwe chimenechi chikutidyera nthawi. Chichotseni."

Dalaivala anapukusa mutu n'kunena zambiri m'chilankhulo chakwawo, koma anakwera m'lole mwake n'kutseka chitseko. Amene anamasula kachingweko m'chiuno mwa achimwene ndine. Ndinakakulunga bwinobwino n'kukamangirira pa chitsulo cha m'mbali mwa thanki. Ntchito inayenda, abwana anakondwa.

Zinachitika sabata yachiwiri, dzuwa litapendeka. Mwala waukulu wokutidwa ndi mizu unatseka kukamwa kwa payipi. Lamulo linali lakuti uzimitse injini, uchotse, uyambirenso, koma kuyambiranso kunkatenga nthawi, ndipo tonse tinali titazolowera kugogoda ndi chitsulo. Achimwene anagogoda, sunasunthe. Anawerama n'kuukoka ndi dzanja lamanja. Mwala unagudubuka n'kulowa, mkono n'kuutsatira mpaka m'phewa.

Sindinamve kukuwa kwawo, phokoso la injini silinkalola. Ndinangoona miyendo yawo ikupalasa miyala, nkhope itakanikizika pa mphira wa payipi. Ndinathamangira kachingwe kaja, koma mfundo ndinali nditaimanga molimba. Ndinakasiya n'kuthamangira kutsogolo, ndikumenya chitseko cha dalaivala ndi zibakera. Mpaka lero sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Injini itazima, mkono unatuluka wokha. Malaya anali atang'ambika, khungu litasendeka, ndipo unali utatupa kale, wakuda bii.

Panalibe galimoto ina pafupi. Tinawagoneka m'lole momwemo, dalaivala n'kuibweza chambuyo pa njanji mpaka pa msewu, n'kukweza timawilo tija. Njira yonse yopita kuchipatala achimwene ankayankhula chiyankhulo chakwathu, chimene anali atasiya kuyankhula pagulu zaka zambiri. Ankaitana amayi, amene anali atamwalira kalekale.

M'mawa mwake lole inali pa ntchito. Pa payipi panali munthu wina, kachingwe kofiira kali m'chiuno.

Madokotala anayesa masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anaudula mkonowo pamwamba pa chigongono. Abwana anabwera kamodzi ndi botolo la sobo, nandiuza panja kuti mu lipoti ndilembe kuti wovulalayo anaphwanya lamulo polowetsa dzanja injini ikulira. Zinali zoona. Ndinalemba zomwezo, za kachingwe sindinalembe.

Bala litauma ndinawaperekeza kumudzi. Tinakwera basi mpaka ku Mzuzu, ina mpaka ku Karonga, kenaka matola. Nthawi imeneyo msewu wa ku Chitipa anali akuukonza kuti athire phula, ndiye galimoto zinkapatukira m'tinjira ta fumbi m'mapiri muja. Pa bampu iliyonse achimwene ankaluma mlomo. Dzanja la malaya ndinali nditalipinda n'kulibaya ndi pini. Mayi wina amene anakhala moyang'anana nafe anafunsa m'Chitumbuka ngati inali ng'ona. Achimwene anati, "Yayi mama, ni galimoto." Mayiyo anayamba kutukwana madalaivala a masiku ano, ife tinangomusiya.

Tinafika kukuzizira, mphepo ikuchokera ku Mafinga. Alamu anga, akazi a achimwene, anali pabwalo akupuntha nyemba. Uthenga anali ataulandira, koma ataona dzanja la malaya lopindidwa lija anakhala pansi pa makoko pomwepo. Sanalire mokweza. Anthu atasonkhana, achimwene anafotokoza okha. Anavutika kulongosola galimoto yoyenda pa msewu ndi pa njanji pomwe kwa anthu oti njanjiyo sanaionepo. Mkulu wina anafunsa ngati chinthucho chili ndi mano. Achimwene anati chilibe, ndi mphepo chabe. Anthu anayang'anana.

Alamu anatembenukira kwa ine.

"Inu alamu, munali kuti?"

"Ndinali pomwepo."

"Si inu munali akapitawo?"

Ndisanayankhe, achimwene anati, "Dzanja ndinalowetsa ndekha. Palibe anandituma."

Ndinakhala pamudzi milungu iwiri. Ndinkawaona akuphunzira kumanga lamba, kusenda nthochi ndi mano, kusamba ndi dzanja limodzi. Sankafuna kuthandizidwa. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza kudimba, m'mbali mwa Lufita, akuyesa kulima ndi dzanja lamanzere, mpini atautsamiritsa m'khwapa. Khasu linkangodumpha. Ndinaima kumbuyo kwawo mpaka anatopa n'kukhala pa mzere.

"Achimwene, kachingwe kaja ndinachotsa ndine."

"Ndikudziwa. Unkamasula m'chiuno mwa yani?"

"Ndikanakana."

"Ukanakana akanaika kapitawo wina, iwe n'kupita kunyumba limodzi ndi enawo." Anapukuta thukuta ndi phewa. "Inenso ndikanatha kukana. Ndinkaopa zomwezo."

Ndinayamba kulira, munthu wamkulu wa ana anayi. Iwo sanandiyang'ane.

"Tamvera. Mlamu wako usamuuze, sangakukhululukire, ndipo ana awa adzafuna bambo wamng'ono. Komanso usadzabwerenso kwa ine ndi nkhani imeneyi kuti mtima wako upepuke. Ndili ndi zanga zonyamula."

Ananyamuka n'kutola khasu lija.

Ndinabwerera kumwera chifukwa ana anga anali pa sukulu. Ndinagwira zaka zina zitatu. Dzinja lililonse lole ija, kapena inzake yofanana nayo, inkabwera pa hayala milungu ingapo, ndipo dzinja lililonse ndinkatchula maina anayi. Chipukuta misozi cha achimwene chinatenga nthawi yaitali, ndipo chitabwera anagula malata ndi mbuzi ziwiri, n'kuthera pomwepo. Kulima kunawakanika. Anayamba kukhala pa msika wa pa Boma, akugulitsa nthochi za ku Misuku ndi nyemba za akazi awo. Anthu amati ankakonda kucheza ndi madalaivala a malole ochokera ku Tanzania, koma za njanji sankazitchula.

Anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa chimene anachinyalanyaza. Uthenga unandipeza mochedwa, ndinafika ataika kale. Chaka chomwecho kontirakitala uja anataya ntchito ya njanji ndipo tonse anatimwaza. Ndinatenga banja langa n'kubwerera ku Lufita.

Pano ndimalima munda wanga ndi wa achimwene. Mwana wawo wamkazi ndinamuphunzitsa mpaka anakhala namwino, wamwamuna ali ku Mbeya, amakonza njinga zamoto. Alamu akalamba, maso ayamba kuchita khungu. Amakhala nyumba yoyandikana ndi yanga, ndipo ndikamachokera kudimba ndimawasiyira masamba pakhonde. Amandithokoza, amauza anthu kutchalitchi kuti Mulungu anawasiyira mlamu wabwino. Ine ndimangoti yewo, n'kupitirira.