Makala a Mankhusu pa Bwalo la Manyowa

Mwajabu Kilongola anali mayi wamasiye wa ana awiri, ndipo ankagwira ntchito pabwalo lopangira manyowa kunja kwa tawuni ya Morogoro. Malole ankakhuthula pamenepo zinyalala za kumsika, makoko a nthochi, tomato wowola ndi matumbo a nsomba. Iye ndi anzake ankatolamo mapulasitiki, kenako n'kumatembenuza miluyo ndi mafosholo. Fungo linamulowerera m'thupi moti ngakhale asambe chotani, akangokhala pansi m'minibasi anthu ankatsegula mawindo.

Zimenezo anazizolowera. Chinkamusowetsa mtendere ndi mlamu wake Tatu, mchemwali wa malemu mwamuna wake, amene ankagulitsa tiyi ndi chapati kuseri kwa mpanda wa bwalolo. Mphepo ikatembenukira kumeneko, makasitomala ankanyamuka tiyi asanathe. Ndi Tatu yemweyo amene anatsogolera anthu kukadandaula kukhonsolo kuti bwalo litsekedwe.

"Mlamu, akatseka, ana a achimwene anu azidya chiyani?" Mwajabu anamufunsa atakumana pampopi.

"Nanga anga panopa akudya chiyani? Fungo lanulo?" anayankha Tatu.

Kuchokera tsiku limenelo moni anatha pakati pawo.

Poopa kutsekeredwa, eni bwalo anayamba kuwotcha mankhusu a mpunga m'migolo yovindikira mpaka asanduke makala, n'kumawasakaniza m'milu ija. Ntchito yowaza makalawo inagwera Mwajabu. Patapita milungu fungo linazilaladi, ntchentche nazo zinachepa. Tatu anatulutsanso mabenchi ake panja, ndipo m'mawa wina anamupatsira Mwajabu chapati ziwiri pamwamba pa mpanda.

Koma makalawo anali opepuka ngati ufa. Mwajabu akapendeketsa thumba, fumbi lakuda linkamukuta nkhope yonse. Anayamba kutsokomola, makhololo akutuluka akuda bii, ndipo kamtunda kopita kwawo kanayamba kumuthetsa mpweya. Atapempha kapitawo kuti makalawo aziyamba anyowetsedwa, anamuuza kuti madzi a m'thanki ndi a milu yokha, n'kumupatsa kansalu kotseka pamphuno. Kuchipatala anamulangiza kuti atalikirane ndi fumbi.

Tatu atamva, anapita kunyumba kwa Mwajabu, nakhala naye pakhonde.

"Siyani ntchitoyo, mlamu. Bwerani tizikanda ufa limodzi," anatero.

Mwajabu anathokoza, koma onse awiri ankadziwa kuti mabenchi aja sangadyetse mabanja awiri. Anapempha kubwerera kotola mapulasitiki, koma anamuuza kuti malo ake anatenga wina.

Choncho akadali pamakala pomwepo. Amalawirira ndi zigubu ziwiri za madzi a pampopi, n'kunyowetsa yekha matumba asanawamasule. Madziwo amatha dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo matumba otsalawo amawaza ali owuma. Chifuwa chija masiku ena chimaleka, ena chimamugoneka. Mwana wake wamkulu, Sauda, wayamba kunena zosiya sukulu kuti akalowe m'malo mwake, ndipo Mwajabu wamuletsa kuitchulanso nkhaniyo m'nyumba.